Mizere ya pa Mtsuko wa Apongozi

Ine ndinakwatira kwa anthu oumba mbiya, kufupi ndi Kabudula, m'zaka zija aliyense ankangokamba za chitaganya. Ndinapitako ndi zinthu ziwiri zokha, njinga ndi pakamwa. Njingayo inali yogula kwa munthu, yopanda mabuleki akumbuyo, koma pakamwapo mpamene panalibiretu choimitsira. Kwathu ndi ku Mpingu. Mwambo wathu mukuudziwa: mwamuna amakakhala kwawo kwa mkazi, nkumalima munda wa apongozi, nkumayenda chowerama ngati walakwa kale. Kulima ndinkalima ndithu, koma chisanathe chaka mudzi wonse unaona kuti khasu likafika m'manja mwanga limagona tulo.

Ndiye anandipatsa ntchito yondiyenera. Apongozi anga aakazi ankaumba mitsuko, ine nkumaiika m'dengu loyalamo udzu, kumangirira pakaliyala, nkumakatsatsa ku Nsaru, ku Msundwe, nthawi zina mpaka ku Namitete. Masiku amenewo ambiri sankagula ndi ndalama. Wogula ankadzaza mtsukowo mtedza kapena chimanga, zolowamozo nkukhala zathu, mtsuko nkukhala wake. Luso langa lonse linali pokangana kuti mtedzawo ulekeze m'khosi kapena usefukire. Mosadzitama, wanga unkasefukira.

Apongozi angawo sindinkayang'anana nawo, monga mwa ulemu wake. Tikati tikumane panjira, ine ndinkapatukira m'thengo ndi njinga yomwe, zitsotso zikundimata mpaka m'khosi. Mawu athu onse ankadzera kwa mkazi wanga. Iwo ali kuseri kwa nkhokwe amati, "Uwauze amuna ako kuti mitsuko isanu yapsa," mkazi wanga nkundibwerezera mawu omwewo ngati ndine gonthi. Anali mayi wa mpingo wa zaka zambiri, wodya Mgonero, wosalawa mowa, woti Lamulungu ngakhale mtsinje utadzaza ankawoloka basi. Ine ndinalowa kalasi ya ubatizo chifukwa cha iwo omwewo, poti sakanalola mwana wawo akwatiwe ndi wakunja.

Mitsuko yawo inali yosiyana ndi ya wina aliyense m'dera lonselo. Paphewa pa mtsuko ankazunguliza mizere inayi. Mzere uliwonse ankaudula ndi timizere ting'onoting'ono topendekera, nkupakamo chiziro, dothi lija lakuda lonyezimira, mipata ina nkuisiya yofiira. Ukauyang'ana mtsukowo, mizere inayi ija inkaoneka yokhota, iwiri ngati ikukakumana kutsogolo, iwiri ngati ikuthawana. Ukati uzungulire uone pamene yakumanira, supapeza. Ukagwedeza mutu, nayonso inkagwedezeka ngati mbozi zili pa ulendo.

Kuumba ankaumbira pabwalo, aliyense akuona. Koma ikafika nthawi yolemba mizereyo ankalowetsa mitsuko m'nyumba nkutseka chitseko. Kalembedwe kameneko anawaphunzitsa ndi amayi awo, iwonso anaphunzira kwa amayi awo, ndipo sikankatuluka m'mbumba. Wolowa nawo anali mkazi wanga yekha, atabereka kumsana kamwana kathu kakakazi, kamene ankati nako kadzaphunzira. Amayi ena oumba anayesa kutengera poona ndi maso, koma yawo inkangokhala phee. Ine sindinafunsepo. Mkamwini safunsa za m'nyumba yotseka, komanso kunena zoona, chimene chinkandikhudza ine chinali mtedza.

Tsiku lina mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinali pamsika wa Nsaru. Chiyambire m'mawa palibe anagula. Kenako panafika mayi wina wa duku loyera, woyenda mosafulumira, wa nkhope yoti sanagonjepo pa malonda. Ananyamula mtsuko umodzi, kuugogoda ndi chala, kuutembenuza, nkuutsitsa.

"Wopotoka uwu," anatero. "Taonani mizereyi. Woumbayu anali atamwa eti?"

"Woumbayu, mayi, mowa saudziwa ngakhale fungo."

"Ndiye kuti maso atha. Mtedza ndithira wolekeza pamimba, khosi silifika."

Anthu anayamba kuunjikana, ndipo wogulitsa mbiya mnzanga wa pambali panga ankaseka poyera. Ndikanangoti mayi, ndi kalembedwe chabe, zikanathera pomwepo. Koma ine kugonja pagulu sindinkakudziwa. Ndinayang'ana uku ndi uku ngati ndikuopa kuti wina amva, nkuwasendera pafupi.

"Mayi, mizereyi siyopotoka. Ikuyenda. Tagwedezani mutu pang'ono."

Anagwedeza. Ndinaona maso awo akukula.

"Mwaona? Mwini wake pali kanthu kamene amasakaniza ku dothi. Sindinganene pano pagulu. Amachitira m'nyumba chotseka, ngakhale ine mkamwini wawo sindiloledwa. Ikamayenda chonchi ndiye kuti ikupemerera madzi. Madzi a mumtsuko uwu, ngakhale dzuwa ili, amawawitsa mano."

Mtedza unasefukira mpaka pansi. Mitsuko yotsalayo inatha dzuwa lisanapendeke. Pobwerera ndinkaimba mluzu njira yonse, ndipo bodza lomwelo ndinakaligulitsanso ku Msundwe sabata yotsatira, nditalikometsera.

Patapita masabata atatu, Lachitatu masana, anafika aphunzitsi a pasukulu ya mpingo wathu, kalata ili m'thumba la malaya. Sanakhale pampando. Anawerenga ali chiimire pabwalo la apongozi, ine ndikumvera kuseri kwa khola la nkhunda. Akulu a mpingo akuitana apongozi Loweruka m'mawa, kuti akayankhe mlandu woika mankhwala m'mitsuko. Wodandaula anali mkazi wa mkulu wa mpingo wa chigawo cha kufupi ndi Nsaru. Mwana wake woyembekezera ankati akayang'ana mtsuko amachita chizungulire nkusanza. Mboni yoti muli mankhwala inali mkamwini wa woumbayo, amene ananena yekha pamsika anthu akumva.

Mayi wa duku loyera uja. Pa anthu onse a ku Nsaru, ine ndinasankha kunong'oneza mkazi wa mkulu wa mpingo.

Apongozi sanalire, sanafunse kanthu. Ndinangomva akuthokoza aphunzitsi, kenako chitseko chikutsekeka. Munthu wopezeka ndi mlandu wotere ankadulidwa, kutanthauza kuti sadyanso Mgonero, ndipo dzina lake ankalilengeza Lamulungu pamaso pa anthu onse. Kwa mayi ngati iwo, kunali bwino kuwadula dzanja. Komanso ukadulidwa pa nkhani ya mankhwala, kumudzi sanena kuti mankhwala. Amanena liwu lina lija.

Madzulo ake, dzuwa likadalipo, anandiitana malume ake a mkazi wanga, amenenso anali nkhoswe ya ukwati wathu. Anali pansi pa mtengo wa mango akusoka mphasa, ndipo sanadzutse mutu.

"Akamwini, munanena mawu amenewa?"

"Anali malonda chabe, bambo. Pamsika munthu amangoyankhula."

"Sindinafunse za msika. Munanena?"

"Ndinanena."

Anakoka chingwe, nkuchiluma ndi mano.

"Mlongo wanga akadulidwa Loweruka, inu musafikenso pamudzi pano. Mukangochokera komweko kulunjika ku Mpingu. Bulangete lanu tidzatumiza. Mwana ndi wathu, zimenezo mukuzidziwa."

Ndinkazidziwa. Kwathu kuno mwana ndi wa kuchikazi, mkamwini akamachoka amachoka yekha.

Mkazi wanga anandiikira madzi osamba monga mwa masiku onse, koma osandiyang'ana. Ndinayesa kumufewetsa.

"Amayi a mwana, woyembekezera aliyense amachita chizungulire. Nanga inu simunkasanza mukangomva fungo la therere?"

"Zimenezo ndikuzidziwa, amayi akuzidziwa, ngakhale mayi wa ku Nsaruyo akuzidziwa. Koma amva ndani, inu mutanena kale ndi pakamwa panu? Anthu akhala akudabwa mizere ija zaka zonsezi, palibe anatchula mankhwala. Anayembekezera inu."

"Nanga muli chiyani kwenikweni m'dothi muja?"

Anandiyang'ana koyamba tsiku limenelo.

"Mukufunsa ine? Si inu mumadziwa?"

Lachinayi m'mamawa ndinamangirira mitsuko iwiri yosalemba, yogula kwa mayi wina woumba, nkupalasa kupita kwa mayi wa duku loyera. Ndinkaganiza kuti mtsuko ukasowa, mlandu usowanso. Ndinawapeza akupeta pakhonde, mwana wawo woyembekezera uja atagona pamphasa chapatali, chitenje chili kumaso.

"Mwabweretsa ina yoyenda?" anatero, osandipatsa ndi moni womwe.

"Iyi njokhala pansi, mayi. Iwiri yonseyi tengani, mundibwezere umodzi uja. Mtedza wanu ndibwezanso, wosefukira."

"Iwiri pa umodzi, ndi mtedza womwe? Ha! Ndiye kuti mulidi kanthu."

Ine amene ndinkaphunzitsa anthu kuti wogula asaonetse njala, ndinaionetsa yonse. Ndinawonjezera nkhuku. Ndinawonjezera belu la njinga, sindikudziwa kuti akanalitani. Ndinagwada. Anandisiya ndithe zonse, kenako nkundiuza kuti mtsukowo unapita kale kutchalitchi Lolemba. Anaunyamula amuna awo, atauika m'thumba kuti usamaone anthu panjira.

Ndinabwerera ndi mitsuko yanga iwiri, nditawonjezera umboni wina pa mlandu. Lachisanu sindinachoke pakhomo. Ndinakhala ndi kamwana kanga pamiyendo tsiku lonse, kakukoka mabatani a malaya. Chitseko cha apongozi sichinatseguke. Chakumasana ndinaona mkazi wanga akuchokera ku mtapo, kumene amakumba dothi loumbira, atasenza kamtanda kokulunga m'masamba a nthochi. Ndinafunsa kuti nkachiyani. Anati amayi atuma, nkupitirira.

Loweruka tinanyamuka motsatana: apongozi ndi mkazi wanga patsogolo, malume pakati, ine kumbuyo kwenikweni ndikukankha njinga. Ndinaitenga dala. Ngati ndi ku Mpingu, ndisakapite wapansi.

Mlandu unali m'chipinda cha sukulu, cha zidina, mazenera ake mabowo chabe. Akulu anali atatu. Wapampando anali nkhalamba yolima fodya, ya mandala omangirira ndi ulusi. Mwamuna wa wodandaula anakhala pambali poti nkhani inali ya m'nyumba mwake. Chinavuta choyamba chinali pondikhazika ine, chifukwa chipinda chinali chaching'ono ndipo paliponse ndikanayang'anana ndi apongozi. Aphunzitsi anakoka bolodi ya miyendo nkuiimika pakati pathu. Kuchokera pamene ndinakhala ndinkaona tebulo, akulu, ndi mayi wodandaula. Za apongozi ndinkangoona manja akafika patebulo. M'mazenera munali mutadzaza kale mitu ya amayi, ndipo ena mwa iwo ndinawazindikira: anali oumba mbiya a midzi yoyandikana.

Atapemphera anamasula thumba. Mtsuko unaikidwa patebulo, ndipo anthu a m'mazenera anati "Hii!" Ngakhale ine, amene ndinanyamula mitsuko yotereyi pakaliyala zaka ziwiri, tsiku limenelo ndinaona ngati mizere ija ikuyenda kuposa kale.

Wodandaula anafotokoza zonse, ndipo sanawonjezere ngakhale liwu limodzi. Zimenezo ndiye zinandipweteka. Anabwereza mawu anga ndendende, mpaka za mano zomwe. Ananenanso za mitsuko iwiri, nkhuku ndi belu. Wina pazenera anaseka, wapampando nkumudzudzula ndi diso.

"Akamwini, imirirani. Mawu awa ndi anu?"

"Ndi anga, bambo. Koma linali bodza. Ndinapeka pomwepo kuti agule. Za m'dothi ine sindidziwa kanthu, sindinaonepo mankhwala alionse. Wolakwa ndine, apongozi anga alibe mlandu."

Ndinkayesa kuti ndathetsa nkhani. Ndinali nditakonza mawu amenewa masiku awiri, ndipo ndinawanena bwino, mawu akunjenjemera pamalo oyenera. Nkhalamba ija inavula mandala, kuwapukuta, nkuwavalanso.

"Mwati munanama pamsika."

"Inde, bambo."

"Ndiye ndinu munthu wonama."

"Tsiku limenelo, bambo."

"Tsono ife tikukhulupirireni liti, tsiku lija kapena lero? Tsiku lija munkafuna mtedza. Lero mukufuna ukwati wanu. Chachikulu nchiti, choti munthu anganamire kwambiri?"

Nkhalamba ija inapitiriza.

"Komanso mwanena nokha kuti za m'dothi simudziwa. Ndiye simungatiuze kuti mulibe. Khalani pansi. Mawu anu tawataya onse, a tsiku lija ndi a lero. Koma mtsuko uwu sitingautaye. Tonse tikuona kuti mizereyi sikukhazikika."

Aphunzitsi anapempha kuyesa. Anatenga ulusi wa khonje nkuukunga mozungulira mtsuko, pamwamba penipeni pa mzere woyamba. Ulusi unagona mumzere monsemo, osapatuka. Anadula kachitsotso nkuyeza mpata wa pakati pa mizere, kutsogolo, kumbali, kumbuyo. Unali wofanana ponseponse.

"Mwaona, akuluakulu," anatero aphunzitsi. "Njowongoka."

Mtima wanga unayamba kutsika. Koma mkulu wachiwiri, wamtali wosayankhulayankhula, anapukusa mutu.

"Aphunzitsi, mwaipitsa. Ikanakhala yokhota tikanati dzanja linaterereka. Tsono ulusi ukuti njowongoka, maso athu tonse akuti njokhota. Watigwira m'maso ndani?"

M'mazenera munamveka kung'ung'udza kovomereza. Malume anatembenuka nkundiyang'ana kamodzi kokha.

Apa mpamene apongozi anayankhula. Mawu awo anali otsika, osanjenjemera. Anapempha kuti aonetse. Ndinaona manja awo akufika patebulo ndi kamtanda ka dothi kaja. Aka kanali koyamba kuwaona manjawo pafupi: aang'ono, ouma, zikhadabo zodyeka. Anapapatiza dothilo pa lichero lovundikira mpaka linasalala, nkutenga kansungwi kosongola. Anajambula mizere inayi, nkufunsa ngati ili yowongoka. Onse anavomera. Kenako anaphimba ndi dzanja lamanzere, lamanja likugwira ntchito mofulumira kunsi kwake, tse tse tse. Atachotsa dzanja, mizere inayi ija inali itakhota.

Mayi wodandaula anadzuka nkubwerera chammbuyo mpaka kukhoma.

"Mwaona! Yapindika tikuona! Dothi abwera nalo okha, kamtengo abwera nako okha, ndipo anaphimba ndi dzanja. Amabisa chiyani?"

Phokoso linabuka. Wapampando anamenya patebulo kangapo. Atakhala chete anthu, anayankhula mofatsa, ndipo kufatsako ndiye kunandiopsa.

"Mayi, takudziwani zaka zambiri. Sitikufuna kukudulani. Koma mwaphimba. M'nyumba mumatseka, pano mwaphimba. Chinthu choyera sachitira kuseri kwa dzanja. Ngati mulibe china chonena, tipempha anthu atuluke kuti tigamule."

Manja aja anali patebulo, osasuntha. Ndinamva mkazi wanga akunong'ona kuseri kwa bolodi, "Amayi, ayi. Taonani m'mazeneramo." Ine ndinayang'ana m'mazeneramo. Amayi oumba aja anali atakankha anzawo nkufika kutsogolo, zigongono zili pazidina.

"Dothi langa lichotseni," anatero apongozi. "Kansungwi katayeni panja. Aphunzitsi, abwerekeni mayiwa sileti ya mwana wa sukulu ndi cholembera chake, ndi kathabwa kanu kowongolera mizere. Ine ndikhala pa manja anga. Alembe okha."

Mayi wodandaula anakana. Anati sagwira. Mwamuna wake anamuuza kuti mlandu anauyamba yekha, agwire. Anakhala patebulo, sileti patsogolo, nkhope ili gwa.

"Jambulani mizere inayi, yotalikirana chala chimodzi."

Anajambula ndi kathabwa ka aphunzitsi. Sileti inazungulira kwa akulu onse atatu. Yowongoka.

"Tsopano tambasulani chala cholozera ndi chapakati, osakakamiza. Kupendeka kumene mukuona pakati pa zalazo, timizere todula tipendeke choncho. Tikagona kuposa apo sizitheka, tikaimirira sizitheka. Pamzere woyamba tonse tigwere kumanja. Titalikirane ngati chikhadabo cha chala chaching'ono."

Cholembera chinalira pasileti.

"Pamzere wachiwiri tigwere kumanzere. Kalikonse kayambire pakati pa tiwiri ta pamwamba pake, osati pansi pa kamodzi. Apo mpamene anzanga amaphonya."

Pazenera wina anati "Ohoo!" mokweza, mosadzigwira. Ndinamva mkazi wanga akufwenthera.

"Wachitatu kumanja. Wachinayi kumanzere. Basi. Palibenso china. Amayi anga anandisiyira zimenezi."

Mayi uja anamaliza kamzere kotsiriza atawerama kwambiri, mphuno ili pafupi ndi sileti, moti sankaona chimene chikuchitika. Ataweramuka nkuyang'ana, anaponya sileti patebulo ngati yamuotcha. Anayang'ana dzanja lake, kuseri ndi kuno. Aphunzitsi anatola siletiyo nkuikweza kuti onse aone. Mizere yake yomwe, yojambula ndi kathabwa ka sukulu, inali kuthawana ndi kukumana chimodzimodzi ya pamtsuko.

Mkulu wamtali uja sanakhutire. Anaitanitsa sileti ina, nkudzijambulira yekha pang'onopang'ono, lilime lili panja, akuyeza ndi zala zake zazikulu zija. Titamuyembekezera mpaka kutopa, anaiyang'ana, kuitalikitsa, kuiyandikitsa, nkuitembenuza chadodolido.

"Yanganso yapita," anatero.

Anthu anaphulika kuseka, ndipo wapampando anawaleka aseke. Kenako anafunsa mayi wodandaula ngati pa dzanja lake pali mankhwala. Mayiyo anati palibe. Anafunsa ngati akadali ndi mlandu ndi woumba. Anati alibe, koma ali nawo ndi uyo ali kuseri kwa bolodiyo.

"Ameneyo tonse tili naye," inatero nkhalamba. "Mayi, mulibe mlandu. Mgonero ukubwerawu mudzakhale pamalo panu. Lero taphunzira kuti diso nalo limanama lokha, popanda wolituma. Koma diso silinalowe kalasi ya ubatizo. Akamwini, inu munalowa. Zaka ziwiri mwaphunzirazi zafufutidwa. Mawa mukakhale kumbuyo ndi oyamba kumene, ndipo mudzaimirire pamaso pa mpingo nkunena chimene munachita."

Ndinavomera mwamsanga, mwina mwamsanga kwambiri. Tikutuluka ndinaona amayi atatu atanjuta pansi pa mtengo wa m'bwalo la sukulu, akujambula pamchenga ndi zitsotso, wina akutambasula zala kuonetsa mnzake. Apongozi anadutsa pafupi nawo osatembenuka.

Malume anandidutsa osaima. Paja anati mlongo wawo akadulidwa ndichoke, ndipo sanadulidwe, koma nkhope yawo sinkaonetsa kuti nkhani yatha. Tinayenda monga tinabwerera, ine kumbuyo. Titafika pamphambano, pamene njira ina imalowera kumwera kupita kwathu, apongozi anaima. Onse anaima. Ine ndinaima chapatali, nditagwira mahandulo, ndikuyang'ana tayala lakutsogolo. Malume anayamba kuyankhula motsitsa, ndipo ndinamvako mawu oti chuma cha mbumba chatayika chifukwa cha mlendo, munthu wotere tikumusungiranji. Apongozi anawadula mawu. Anayankhula atandifulatira, mokweza kuti ndimve.

"Uwauze amuna ako kuti sapita kulikonse. Mwana asakule wopanda bambo chifukwa cha mtsuko. Koma uwauzenso kuti chimene ndataya lero sichinali changa. Ndinkangosungira iwe ndi mwana wakoyo. Dengu lija alichotse panjinga. Mtsuko wanga sadzaugwiranso."

Mkazi wanga anabwerera mpaka pamene ndinaima, maso ali ofiira, nkundibwerezera zonse liwu ndi liwu, ngakhale ankadziwa kuti ndamva. Sanawonjezerepo lake. Ndinafunafuna choti ndinene chokoma, chofewetsa mtima, cha mtundu umene ndinkadziwa kupanga. Zonse zimene zinabwera zinali za pamsika.

"Muwauze kuti ndamva," ndinatero.

Anapita kukawauza. Kenako tinalowa njira ya kumudzi.

Chilimwe chotsatira mitsuko ya mizere yoyenda inali mbwee pamsika wa Nsaru, yochokera m'manja osiyanasiyana, ina yokongola, ina yongoyerekeza. Patapita chaka china inafika ku Msundwe ndi ku Kasiya, ndipo palibenso ankaima kuti aidabwe. Apongozi sanalembenso mzere pa mtsuko mpaka imfa yawo. Ankaumba yosalala, yopaka chiziro pakhosi pokha, ogula nkumadzera pakhomo. Mkazi wanga naye sanafune kulemba. Ine ndinabwerera ku khasu, ndipo ndinabatizidwa mochedwa ndi zaka ziwiri, limodzi ndi anthu amene ndinkawaposa msinkhu kutalitali.

Mwana wathu uja anakula nkukhala woumba wabwino. Mizere ija amailemba, ndipo imayenda ndithu. Anakaiphunzira kwa mayi wina wa ku Nsaru, ngati wina aliyense.